Ngongole inafika msanga, thandizo linachedwa: za ngalande ya pa sikimu yathu

Ndakhala msungichuma wa bungwe la alimi ogwiritsa ntchito madzi pa sikimu yathu kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Sikimu yake ndi yaing'ono, ili m'chigwa cha nyanja ya Chilwa, ndipo musaifanizire ndi Domasi kapena Likangala, masikimu akuluakulu aja amene boma lidatsegula kale m'nthawi ya a Kamuzu. Yathuyi adayamba ndi makolo athu, ndi makasu basi, kupatutsa madzi mumtsinje kuti azilima mpunga kawiri pachaka. Tilipo mabanja 160. Ngalande yaikulu ndi yotalika pafupifupi makilomita awiri, ndipo kufikira chaka cha 2023 yonse inali yadothi, kupatula pomwe madzi amalowera, pa inteki, pomwe bungwe lina lidatimangira ndi simenti ine ndikadali mtsikana.

Ndikulemba izi chifukwa mwezi wathawu anabwera anzathu a sikimu ina kudzaona ngalande yathu yatsopano. Anayenda nayo, anaisirira, kenaka tcheya wawo anandifunsa kuti, "Mayi, munapita kuti kukapeza ndalama?" Ndinawayankha, koma atapita ndinaona kuti funso lawo linali loperewera. Kopeza ndalama kulipo. Chomwe chinatsala pang'ono kuphwasula gulu lathu ndi nthawi yomwe ndalama iliyonse inafikira.

Namondwe wa Freddy, mu Marichi 2023, anazula inteki yonse. Khoma lake tinakalipeza kumunsi litagona chagada, geti yachitsulo itapindika ngati supuni. Ngalande inadzaza mchenga mpaka pena osadziwika kuti inkadutsa pati. Epulo ndi Meyi tinafukula ndi makasu, n'kutchinga mtsinje ndi matumba a mchenga ndi mitengo ya bulugama. Madzi anayenda ndithu, koma ochepa, ndipo a kumunsi kwa sikimu ankawaona kamodzi pa masabata awiri. Aliyense ankadziwa kuti mvula yoyamba yamphamvu idzakokolola matumba aja.

Alangizi athu ndi amene anatilumikiza ndi injiniya wa ku ofesi ya zamthirira ya m'boma lathu. Anabwera panjinga yamoto, anayeza, anajambula, ndipo patapita masabata atatu anatipatsa pepala la zofunika zonse: matumba a simenti, zitsulo, waya wokulungira miyala, mageti, malipiro a amisiri. Kumanga inteki yatsopano ndi kuwaka mamita 600 a ngalande kunkafuna K40 miliyoni. Pamsonkhano nditawerenga nambalayi panali zii, kenaka gogo wina anaseka n'kunena kuti, "Mwanangu, bwerezanso, mwina makutu angawa akundinamiza."

Pepala limenelo musalipeputse. Kulikonse komwe tinagogoda, choyamba kufunsa chinali chomwecho. Wopita kukapempha thandizo ndi pakamwa pokha, kuti "ngalande yathu yaonongeka", amabwerako ndi mawu achipepeso.

Tinafufuza njira zingapo. Tinamva za AGCOM, pulojekiti ya boma yothandizidwa ndi World Bank, yomwe imapereka 70 peresenti alimi n'kusonkha 30, koma iyo imafuna gulu lochita bizinesi lomwe lili ndi mgwirizano ndi wogula mbewu zake, ndipo ife panthawiyo tinalibe kopaletivi. Tinamva za PRIDE, pulojekiti ya ulimi wamthirira yothandizidwa ndi bungwe la IFAD, koma iyo inali ndi malo ake omwe idasankha. Akuluakulu ena pagulu ankakumbukira IRLADP, pulojekiti yakale ya zamthirira yomwe idakonza masikimu a Likangala, Muona, Nkhate ndi Limphasa, n'kumati tidikire boma lidzatikumbukira ifenso. Kudikirako kunali kwabwino kwa amene mapoloti awo ali kumtunda. Pamapeto pake tinapeza bungwe lina lomwe si la boma, lomwe linali ndi thumba lothandiza madera okhudzidwa ndi namondwe. Dzina lake sinditchula. Lamulo lawo linali lakuti iwo apereka K30 miliyoni, ife K10 miliyoni. Mwa K10 miliyoni yathuyo, K6 miliyoni ikhala ya mchenga, miyala ndi thukuta lathu, koma K4 miliyoni ikhale ndalama yeniyeni, yooneka mu akaunti ya gulu kubanki.

Masamu ake anali osavuta: mabanja 160, banja lililonse K25,000. Koma anthu ake anali omwewo amene nyumba zawo zinagwa, mpunga wawo unakwiriridwa ndi matope. Pofika Ogasiti tinali titatolera K1.6 miliyoni yokha. Ndiye kunabwera uthenga woti pempho lathu ladutsa gawo loyamba, titumize sitetimenti ya kubanki.

Apa ndi pomwe tinalakwa, ndipo ine ndinali patsogolo pa kulakwako. Tinamva mawu oti "ladutsa", mawu oti "gawo loyamba" sitinawamve. Tinaganiza kuti tikachedwa sabata imodzi ndalama zipita kwa ena. Palibe mmodzi wa ife anafunsa kuti magawowo alipo angati, amatenga nthawi yaitali bwanji, kapena ngati kalata yolonjeza ngongole yochokera kwa obwereketsa ikanakwanira m'malo mwa ndalama yeniyeniyo. Patapita miyezi ndinafunsa funso lomalizali, ndipo mkulu wa bungwe lija anandiyankha kuti, "Mayi, mukanafunsa tikanakambirana." Usiku umenewo sindinagone.

Tinapita ku bungwe lina lobwereketsa ndalama m'tauni. Mabanki akuluakulu ankafuna chikole, ndipo ngalande si chikole: sungainyamule, sungaigulitse, malo ake ndi a mfumu. Awa anavomera kutipatsa K2.4 miliyoni pa chikole cha gulu, kutanthauza kuti ife a komiti tinasaina kuti gulu likalephera, katundu wathu ndiye ayankhe. Chiwongoladzanja anati 4 peresenti pamwezi, kwa miyezi 12. Kumva 4 peresenti tinati n'zochepa, poti ku banki m'khonde timalipira kuposa pamenepo.

Ndifotokoze bwino apa, chifukwa ine ndinaphunzitsapo masamu kupulayimale koma anandidutsa. Pali njira ziwiri zowerengera chiwongoladzanja. Ina amawerengera pa ndalama yomwe yatsala: ukabweza, mwezi wotsatira chiwongoladzanja chimatsika. Ina amawerengera pa ndalama yonse yomwe unatenga poyamba, mwezi uliwonse mpaka kumapeto, ngakhale utabweza kale theka. Yathu inali yachiwiriyi. Choncho chiwongoladzanja chinali K96,000 mwezi ndi mwezi, pachaka K1,152,000. Akanawerengera pa yotsala, chikanakhala cha m'ma K624,000. Peresenti yomweyo, kusiyana ndalama yoposa theka la miliyoni. Kuonjezera apo anadula K72,000 ya mafomu tisanalandire n'komwe, moti mu akaunti munalowa K2,328,000, ndipo kuti K4 miliyoni ikwane ndinagulitsa mbuzi yanga imodzi, a Tcheya anaonjezera yotsalayo.

Ndalama inalowa kumapeto kwa Ogasiti. Kumapeto kwa Seputembala anafuna K296,000 yoyamba. Ngalande inali isanakhudzidwe n'komwe.

Kuchedwa kwa thandizo kuja, ndikanakonda kunena kuti linali vuto la bungwe lija, koma mbali yaikulu linali lathu. Atabwera kudzaona mapepala anapeza kuti chilolezo chotengera madzi mumtsinje, chomwe chimachokera ku National Water Resources Authority, ife tinalibe. Makolo athu adangopatutsa madzi, palibe adaganizapo za chilolezo. Anapezanso kuti mwa anthu atatu osainira ku akaunti yathu, mmodzi adamwalira zaka ziwiri zapitazo ndipo kubanki sitidasinthe. Malamulo a gulu analipo, koma kope lake linanyowa ndi Freddy, masamba anamatana. Panafunikanso kalata ya a Gulupu yotsimikiza kuti malo omwe ngalande ikudutsa alibe mkangano, ndipo mkangano unalipo: banja lina linkati ngalande idadya mizere itatu ya munda wawo kalekale. A Gulupu anaitanitsa bwalo kawiri kuti nkhaniyo ithe. Chilichonse mwa izi chinadya masabata, ndipo mwezi ukatha foni yanga inkalira.

Kenaka pa 9 Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Dola yomwe inali pa K1,180 inafika pa K1,700. Ine za dola sindinkazitsata, ndinazidziwira ku hadiweya. Ndalama yomwe mu Julaye inkagula matumba khumi a simenti, mu Disembala inkagula asanu ndi awiri, mwinanso osakwana. Zitsulo ndi mageti ndiye osanena. K4 miliyoni yathu inali phee mu akaunti, ikusungunuka ngati mchere m'madzi, kwinaku tikuilipirira chiwongoladzanja. Sitikanaigwiritsa ntchito kugula simenti msanga chifukwa inkayenera kuoneka mu akaunti mpaka tsiku losaina, komanso simenti siisungika miyezi yambiri m'nyengo yamvula, imauma m'thumba. Zitsulo ndi waya bwenzi titagula, tikanapempha chilolezo. Sitinapemphe.

Mgwirizano tinasaina mu Disembala, mvula itayamba. Mumtsinje wodzaza sumanga inteki. Ntchito inayenera kudikira Meyi. Ndipo thandizo linali lolembedwa m'makwacha, K30 miliyoni, osasuntha. Tinapempha kuti aonjezere, anatiuza mwaulemu kuti bajeti yawo idatsekedwa kale. Injiniya anawerengeranso: inteki imangidwe yonse, poti imeneyo siimangidwa theka, koma ngalande yowaka itsike kuchoka pa mamita 600 kufika pa 420.

Dzinja limenelo linali la El Niño. Mvula inadula, ndipo mu Marichi 2024 a Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Mpunga wathu wa dzinja unabereka mwapatalipatali. Miyezi isanu yoyamba tinabweza ngongole movutikira: zopereka za madzi, zosonkha zochepa za mamembala, ndipo kawiri konse tinakabwereka ku banki m'khonde ya amayi a pasikimu kuti tikabweze m'tauni. Kukumba dzenje kuti ukwirire dzenje lina. Mu Febuluwale tinalephera. Mu Marichi anabwera anyamata awiri panjinga yamoto, mmodzi atanyamula kope, n'kuyamba kulemba katundu wa m'nyumba mwanga: makina osokera, njinga, matiresi. Anthu anaona. Madzulo ake kuchitsime nkhani inali yoti msungichuma wadya ndalama za ngalande, n'chifukwa chake ntchito siikuyamba.

Zimenezo zinandipweteka kuposa kulembedwa kwa katundu. Mlamu wanga weniweni anandifunsa pamaliro, anthu akumva, kuti, "Alamu, simenti yathu ija mwamangira pati?" Chomwe chinandipulumutsa ndi kope langa la malisiti ndi sitetimenti ya kubanki. Ndinapempha a Tcheya aitanitse msonkhano wa anthu onse, a Gulupu alipo, alangizi alipo. Ndinalemba pa bolodi ya kusukulu ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, ndipo sitetimenti inayenda m'manja mwa aliyense wodziwa kuwerenga. K4 miliyoni inalimo yonse. Kuyambira tsiku limenelo timamata sitetimenti pa chitseko cha shedi mwezi uliwonse. Tikanayamba kale.

Pamsonkhano womwewo m'pomwe tinagwirizana zopita kwa obwereketsa aja tonse a komiti, osadikira kuti atipeze. Tinanyamula mgwirizano wa thandizo, pepala la injiniya, ndi kalendala ya ulimi wathu yolembedwa pamanja: nthawi yofesa, yowokera, yokolola, yogulitsa. A Tcheya anati, "Bwana, mlimi salandira malipiro pa 27. Ndalama timaiona kawiri pachaka. Mukatilanda makina osokera, mupeza zingati?" Anavomera kuti yotsalayo tibweze kawiri, tikakolola, koma anaonjezera chilango ndi chiwongoladzanja cha miyezi yoonjezerayo. Ndinadzafunsa kuti kodi ngongole yobweza pokolola imakhalapo kuyambira pachiyambi? Anati imakhalapo, kwa amene waipempha. Mukamapita kukabwereka, kaya ku SACCO kapena kubanki, funsani zimenezi musanagwire cholembera: chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa ndalama iti, adula zingati musanalandire, kubweza kuyamba liti, ndipo mukabweza msanga akuchotserani kapena ayi.

Nkhani ya mamita 420 inabweretsa nkhondo yake. A kumtunda ankati kuwaka kuyambire pa inteki kutsika, mwadongosolo. A kumunsi ankati iwo ndi amene amavutika, kuwaka kuyambire kwawo. Aliyense anasonkha K25,000 yofanana, kapena anali ndi ngongole yofanana, ndiye aliyense ankafuna simenti idutse pa poloti yake. Injiniya sanakangane nafe. Anatitenga tonse m'mawa, anadula kachidutswa ka bango, n'kukaponya m'madzi pa mtunda woyezedwa wa mamita khumi, wina atagwira wotchi ya pafoni. Anayeza kuya ndi kutambalala kwa madzi, n'kuchulukitsa. Anachita zimenezi malo asanu ndi limodzi kutsika ndi ngalande. Poyambirira, pomwe dothi ndi lamakande, madzi ankataika pang'ono. Koma pakati, pomwe ngalande imadutsa pamchenga pafupi ndi chulu chachikulu, madzi olowa ndi otuluka ankasiyana moti ngakhale gogo uja anaona yekha popanda masamu. M'mbali mwake munali maenje a nkhanu ndi mbewa. Tinawaka pamenepo. Poloti ya a Tcheya simenti siinafikeko, yanganso ayi, ndipo mwina n'chifukwa chake anthu anavomera.

Pomanga pali zinthu ziwiri zomwe sitinaziwerengere. Choyamba, ngalande ikamamangidwa madzi sayenda, ndipo miyezi yomangira, Meyi mpaka Seputembala, ndi yomweyo ya ulimi wachilimwe womwe timayembekezera kubwezera ngongole. Tinakumba kangalande kongoyembekezera m'mbali, koma kankafikitsa madzi ochepa, moti chaka chimenecho ambiri anasiya mpunga n'kudzala chimanga chodya chachiwisi, nyemba ndi tomato. Chachiwiri, K6 miliyoni ya thukuta ija siingonenedwa pakamwa. Bungwe linkafuna kaundula: ndani wabwera tsiku liti, watuta mawilibala angati a mchenga, milu ingati ya miyala. Sabata ziwiri zoyamba sitinalembe, ndipo ntchito yonseyo inangopita, siinawerengedwe. Tinadzasankha mtsikana wina wa Fomu 4 kuti azikhala ndi kope pamalopo tsiku lililonse. Amene analephera kusonkha ndalama tinawalola kulipira ndi masiku oonjezera a ntchito, ndipo amayi amasiye angapo anamaliza gawo lawo mwa njira imeneyi.

Thandizo silinabwere m'manja mwathu ngati mtolo wa ndalama, monga ena ankaganizira. Linkatuluka m'magawo atatu, ndipo gawo lotsatira linkabwera injiniya akasaina kuti loyamba lagwira ntchito yake. Kontirakitala woyamba kumusankha anali wotchipa kuposa onse, ndipo sabata yachitatu tinamugwira akusakaniza thumba limodzi la simenti ndi mchenga wochuluka kuposa muyezo womwe unalembedwa. Anamugwira ndi mmisiri wina wopuma ntchito wa m'mudzi mwathu, yemwe anangofinya dothilo m'manja n'kupukusa mutu. Mamita 30 anagumulidwa n'kumangidwanso pa ndalama ya kontirakitalayo, chifukwa mgwirizano unkati gawo lina la malipiro ake lisungidwe mpaka ntchito itayesedwa ndi madzi. Chiganizo chimenecho anatiikira ndi injiniya. Kuyambira pamenepo simenti inkagona m'shedi yathu, makiyi awiri, ndipo thumba lililonse lotuluka linkalembedwa, lopanda kanthu n'kubwezedwa.

Madzi anatsegulidwa kumapeto kwa Seputembala 2024. Anafika kumunsi kwenikweni tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, komwe kale ankatenga masiku awiri kapena osafika n'komwe. Ana anathamanga nawo m'mbali mwa ngalande mpaka kumapeto.

Ngongole tinamaliza mu Juni 2025. Zonse pamodzi, pa K2.4 miliyoni tinabweza ndalama yopitirira K4 miliyoni. Njira yomwe inatithandiza kutolera ndi yosiya kupempha ndalama. Munthu ukamupempha K10,000 amati mawa. Koma pa nthawi yokolola, mpunga uli pa lona, ndowa imodzi pa poloti saikana. Tinkatolera pamunda pomwepo, n'kusunga m'shedi, osagulitsa kwa mavenda a nthawi yokolola amene amabwera ndi ndowa zawo zotupa m'mimba. Tinkadikira miyezi ingapo, kukapunthitsa kuchigayo, n'kugulitsa woyera. Amene wakana kupereka, geti ya ku buloko yake imamudutsa pa tsiku lake la madzi. Lamuloli lidalipo kale m'malamulo athu, koma kale sikunkatheka kulitsata chifukwa aliyense ankangoboola ngalande yadothi ndi khasu usiku. Simenti siibooleka choncho.

Ndowa ija sitinaisiye ngakhale ngongole inatha. Pamsonkhano ena anati basi tipume, koma mmisiri wopuma uja anaimirira n'kunena kuti geti yachitsulo imadya girizi, simenti imang'aluka, ndipo namondwe wina adzabwera osatumiza kalata. Tinatsegula akaunti yachiwiri ya zokonzera zokha, osainira ake ena, ine mulibemo. Chilolezo cha madzi tsopano chili m'fayilo, malamulo a gulu tinalembanso n'kusunga makope atatu m'nyumba zitatu, ndipo tili mkati molembetsa kopaletivi kuti khomo ngati la AGCOM lija lisadzatitsekekerenso.

Anzathu anabwera mwezi watha aja ndinawauza kuti akayambe ndi mapepala awo ndi pepala la injiniya, akafunse opereka thandizo kuti ndalama yawo idzatuluka mwezi uti, ndipo ngongole akaisiye komalizira, akaitenge pamene tsiku losaina ladziwika. Tcheya wawo analemba m'kakope kake, kenaka analoza kumunsi komwe simenti imathera n'kuyamba dothi, nati, "Nanga uku?" Ndinamuuza kuti amenewo ndi mamita 180 omwe anapita ndi kugwa kwa kwacha. Mu akaunti yachiwiri muli ndalama yokwana mamita 40, ndipo tagwirizana kuti Meyi akubwerayu tiwake amenewo ndi amisiri athu, kuyambira pomwe pali maenje a nkhanu.